Mchenga mu Mtsuko wa Mbewu

Lolemba, 7 Epulo

Boma labwera lero. M'kope muno mkazi wanga ndizimutchula choncho, chifukwa ndi mmene zinthu zilili pakhomo pano, komanso kopeli likadzagwidwa ndidzati ndinkanena za ena. Panopa kopeli likugona m'jombo yakumanzere.

Boma latsika m'bwato la Msodzi dzuwa litakwera, mtolo pamutu, patatha masabata atatu chipitireni kumtunda kumene amayi ndi ana anathawira madzi. Ana lawasiya komweko kwa mkulu wake mpaka nyumba iume. Ine ndinali nditakonzeka kufunsidwa mmene ndinapulumukira, nkhope yomvetsa chisoni ndinali nditaiyeserera kale. Langondiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kuti, "Simunaonde kwenikweni." Kenako, "Mtsuko uli kuti?"

Ndaloza mumtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Uli momwemo, wopachikidwa ndi chingwe panthambi yapamwamba, kukamwa kwake komatidwa bwinobwino ndi dothi. Boma lauyang'ana nthawi yaitali, lausa moyo, lati Mulungu ndi wabwino.

Ndilembe kamodzi kokha kuti mtima upepukeko. Mumtsukomo muli mchenga.

Munali mbewu ya chimanga cha malemu apongozi anga, amayi ake a Boma. Chimanga cholimba, choyera cha timadontho takuda, chocha msanga, choti anankafumbwe amathyoka nacho mano. Zaka makumi awiri ndi ziwiri za banja lathu Boma lakhala likusankha zitsononkho zabwino, kusokola, kusakaniza ndi phulusa, kumata. Palibenso wina ali nacho dera lonse lino. Tsiku lokwera bwato lija linandigwira mkono n'kuti, "Nkhuku zikapita zipite, mipando ipite, inu mumadziwa kusambira. Mtsukowu usanyowe."

Sunanyowe. Ndinausenza pamutu mpaka pachulu chachikulu chakumapeto kwa madimba. Pachulupo tinalipo asanu: ine, alamu (mlongo wake wamng'ono wa Boma, uja sadziwana ndi khasu), a Mlaliki, Msodzi, ndi mkazi wa Msodzi ali ndi khanda la miyezi iwiri. Panalinso mbuzi ya alamu. Tsiku lachiwiri bwato linadula chingwe n'kupita, linadzapezeka m'bango patatha sabata. Tsiku lachinayi mkaka wa mayiyo unaleka kutuluka, mwana analira mpaka mawu kutha. Nditatchula za mbuzi alamu anaikumbatira akulira, ati ili ndi bere, ndipo a Mlaliki anagamula kuti kupha mizimu iwiri n'tchimo. Akugamula choncho maso ali pamtsuko.

Dothi ndinaswa ndine. Tinatsuka phulusa, mayiyo tinamusinjira pamwala n'kumuphikira phala m'chitini, ife tinakazinga palata. Masiku atatu, mpaka pansi pa mtsuko kuoneka. Chinali chokoma, Mulungu andikhululukire. Madzi ataphwera tinalumbirirana kuti pakamwa patsekedwe, ine n'kudzazamo mchenga, kumata, kupachika.

Lachiwiri, 8 Epulo

M'mawa wonse kukolopa matope m'nyumba. Afika m'mawondo, ndipo pansi pa bedi tapezapo mlamba wamoyo. Boma lati ameneyo yekha ndiye wasamala nyumba.

Masana tinapita kudimba. Madzi atisiyira dothi lakuda latsopano kumunsi konse, lonona, loti ukhoza kubzala mpini wa khasu n'kuphuka. Kumtunda kwake atithirako mchenga wa eni ake. Nthochi za m'malire zapita, ndiye chaka chinonso tikangana ndi aneba, koma imeneyo ndi nkhani ya chaka chilichonse.

Boma lili ndi muyeso wake. Limaponda ndi chidendene n'kudikira. Madzi akatuluka pamene laponda, nthaka idakali yaiwisi, mbewu ingawole. Ming'alu ikakula mpaka kulowa chala, wachedwa, chinyontho chathawira pansi, ndipo mvula kulibenso mpaka chaka chikatha. Pakati pa ziwirizi pamakhala masiku owerengeka, ndipo m'masiku amenewo ndi mmene muli chakudya chathu chonse. Lero madzi atuluka pang'ono. "Lolemba tibzala," latero.

Masiku asanu ndi limodzi.

Pobwerera lati nditsitse mtsuko, mbewu ione dzuwa. Ndati makwerero anapita ndi madzi, zomwe ndi zoona. Lati nanga popachika munakwera ndi chiyani? Ndati nthawi imeneyo madzi anali pamwamba, ndinangoyandama n'kumanga. Landiyang'ana, layang'ana nthambi ija, layang'ana mzere umene madzi anasiya pakhoma. Mzerewo ukulekeza pawindo.

Lachitatu, 9 Epulo

Ndati ndikukafuna nkhuku zotayika. Ndinapita kukaona anzanga odya nawo, poti mutu umodzi susenza denga.

Ndinayambira kwa alamu. Ndawapeza atagona pamthunzi, mbuzi ili pambali, yonenepa ngati sinaone chigumula. Ndati alamu, madzi afika m'khosi, Lolemba mtsuko ukutsegulidwa. Ati iwo ankangolawa. Kulawa masiku atatu, ndi manja awiri. Atinso ndisawatchule dzina chifukwa achemwali awo akakwiya sasankha pomenya. Ndikanatha kuwaulula, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndikatchula alamu ndadzitchula ndekha. Pomaliza ati aona zimene angachite, n'kutembenukira kukhoma.

A Mlaliki ndawapeza akuyanika mabuku a nyimbo padenga. Ati zimene zinachitika pachulu zinali chakudya chochokera kumwamba. Ndati chinachokera mumtsuko wa mkazi wanga. Ati mbale, usachepetse njira za Mulungu. Ndawakumbutsa kuti iwo ndi amene ankapempherera lata lililonse lisanaphulidwe, ndipo potseka maso dzanja linkakhala lili kale palatapo. Akhosomola. Ati ali ndi kambewu pang'ono kotsala chaka chatha.

Kwa Msodzi n'kumene ndinachita manyazi. Iyeyo salima, ali ndi ukonde basi. Mkazi wake atangomva wati apita yekha kukagwada kwa Boma n'kunena zonse, chifukwa mwana wake ali moyo lero kaamba ka mbewuyo. Ndamupempha kuti chonde mlongo, musandiphe. Wati bambo, mlandu suwola. Ndati ndikudziwa, koma mwina ukhoza kuuma pang'ono. Walonjeza kukapempha mbewu kwa azakhali ake kutsidya.

Nzeru yanga ndi iyi. Ndisonkhanitse chimanga, ndichipake phulusa lambiri, ndithire mumtsuko, ndimatenso. Phulusa limafananitsa zonse. Chikadzamera chosiyana ndidzanena kuti ndi dothi latsopanoli.

Nkhuku sindinapeze, poti sindinazifune.

Lachinayi, 10 Epulo

Boma ladzuka ndi nkhani ya mtsuko. Lati nthawi ya mango ndimakwera mtengowo ngati nyani, lero makwerero ndi a chiyani? Pakamwa panga panayankha ndisanaganize. Ndati mavu amanga chisa pachingwe penipeni.

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Boma linangozungulira kuseri, n'kubwera ndi muuni wa udzu wokulunga masamba aawisi, utsi uli tolotolo. "Kawafukizeni."

Ndinakwera. Utsi wonse unkabwerera kumaso kwanga, ndikutsokomola, misozi ili chuchuchu, uku ndikudziwomba makofi m'khosi kuti pansi aone kuti nkhondo ilipo. Boma lili pansi likulamula, kumanzere, kumanja, musawotche chingwe. Chimene sindinkadziwa n'chakuti nyerere zofiira za mudzi wonse zinathawira mumtengo womwewo nthawi ya madzi, ndipo sizinatsike. Utsi unazidzutsa. Zinalowera kumiyendo ya buluku, ndipo kumene zinakafika sindilemba, kopeli lingadzawerengedwe ndi ana. Mmene ndinatsikira sindikukumbuka. Walira mvula walira matope.

Choipa chinabwera pambuyo. Boma linandikhazika pamphasa, kunditsuka ndi madzi amchere, kundiuzira pamene patupa. Lati mtsuko ukhale momwemo mpaka Lolemba, ndisadzivutitsenso. Kenako motsitsa mawu lati, "Mbewu ya amayi mwaivutikira, bambo. Ndikuona." Pakudya landipatsa mutu wa mlamba uja, umene nthawi zonse limadya lokha.

Ndadya ndithu, koma sunandikomere.

Lachisanu, 11 Epulo

Zopereka zafika.

A Mlaliki, makapu awiri. Njere iliyonse ili ndi chitseko ndi windo, anankafumbwe ena anabwera ndi katundu wawo yemwe. Mkazi wa Msodzi, mbale yodzaza bwino, koma chimanga chake n'chachikasu. Wandipatsa osandiyang'ana kumaso.

Alamu andidabwitsa. Abwera ndi kathumba ka mbewu ya m'sitolo imene ankagawa kumtunda kwa othawa madzi. Akuti anaima pamzere kawiri, kachiwiri atavala chipewa cha munthu wina. Mbewuyo ndi yopakidwa mankhwala a pinki. Boma limaitcha mbewu ya alendo, chifukwa imabereka chaka chimodzi, chaka chachiwiri siikudziwanso. Ndati alamu, ndi pinki iyi. Ati ndiye ndichape, kodi zonse akuchitireni iwo?

Ndakhala kumtsinje masana onse ndikuchapa chimanga ndi mchenga, kuseri kwa bango ngati wakuba. Penti yachoka pachimanga theka, theka linalo lasamukira m'manja mwanga mpaka m'zigongono. Sopo wakana. Phulusa lakana.

Boma lafunsa kuti manja atani. Ndati ndi mavu aja, ululu ukutuluka. Lagwira dzanja langa, lalitembenuza, lanunkhiza. "Mavu a chaka chino akuyenda ndi penti," latero, n'kupitiriza kusesa.

Zonse pamodzi sizikufika ngakhale theka la mtsuko. Mchenga wina utsala pansi kuti kulemera kufanane.

Loweruka, 12 Epulo

Boma lapita kumtsinje kukachapa mabulangete, ntchito ya tsiku lonse. Ndadzola phulusa m'miyendo, ndamanga buluku ndi luzi m'akakolo, ndatsitsa mtsuko nyerere zikungondiyang'ana. Chinatsala ndi dothi lomatira. Boma limamata ndi dothi la pachulu lokha, lina lililonse lingadziwe. Ndiye ndinapita pachulu paja, koyamba chichokereni.

Lata lidakali pomwepo, ndi mafuwa athu atatu. Nditatsikira mbali ya kum'mawa kukakumba, ndinaima. M'munsi mwa chulu, pamene madzi ankalekezera, pamene tinkatsukira phulusa, pamera chimanga. Mzere wokhotakhota, chofika kale m'katumba, masamba anayi anayi, tsinde lofiirira kumunsi. Tsinde limenelo ndimalidziwa ngati nkhope ya mwana wanga. Njere zinkatipulumuka m'manja potsuka, njala itatichititsa manjenje, n'kulowa m'matope. Ndawerenga makumi anayi ndi zinayi.

Choyamba kubwera m'mutu mwanga sichinali chimwemwe, ndisaname. Ndinaganiza kuti mboni izi. Boma limadutsa pano pokatola nkhuni, ndipo likangoona tsinde limodzi lifunsa kuti chimanga cha amayi chikutani pachulu pamene mtsuko sunatsegulidwe. Ndinagwada n'kuyamba kuzula. Chimodzi, chiwiri, chitatu. Chachitatucho chinatuluka ndi khoko la njere likadali kumizu, kadontho kakuda kakuoneka.

Manja anakana. Ndinakumbuka apongozi anga chaka chawo chomaliza, atakhala pakhonde maso atafooka, akusankha njere ndi zala zokha. Ankanditcha mwana wanga ngakhale nditaswa mtondo wawo. Padziko lonse chimanga chawo chatsala pano basi, ndipo ine ndikuchizula kuti ndisakalipiridwe. Ndinadzinyansa.

Zitatu zija ndazibwezera m'maenje, koma zagona, sizidzuka. Zotsalazo ndazizunguliza ukonde wakale wa Msodzi ndi timitengo. Mtsuko ndamata, ndapachika. Tsopano ndili ndi zinsinsi ziwiri, china mumtengo china pachulu, ndipo chimodzi chikukula tsiku lililonse.

Lamulungu, 13 Epulo

Kutchalitchi mabenchi akadali onyowa, tapemphera chiimirire. A Mlaliki alalikira za kukhululuka. Ati makamaka amayi aphunzire kukhululukira amuna awo, alongo awo, ngakhalenso atumiki a Mulungu. Ati wokhululuka asanamve n'komwe mlandu ndiye wodala kawiri. Alamu ayankha ameni mokweza mpaka khanda la Msodzi kudzidzimuka. Potuluka Boma landifunsa kuti a Mlaliki alakwira ndani.

Nditadya ndinazembera kuchulu. Ndapeza mbuzi ya alamu mutu uli m'kati mwa ukonde, ikutafuna mosafulumira. Zinayi zapita. Mbuzi yomwe ija tinaisiya ndi moyo. Ndaithamangitsa mpaka kwa mwini wake, ndipo ndawauza alamu kuti ikadzapezekanso kumeneko ine ndi a Mlaliki tidzaonanso bwino za tchimo lija. Ndatchinga ndi minga. Zatsala makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri.

Madzulo Boma linakaponda kudimba. Madzi sanatuluke. Timing'alu tayamba, tating'ono ngati ulusi.

Lolemba, 14 Epulo

Tinalawirira kukumba mapando, akuya, mpaka khasu kutuluka ndi dothi lonyowa. Dzuwa lisanakwere anthu anayamba kufika okha ndi makasu: Msodzi ndi mkazi wake, a Mlaliki, ndi alamu akukoka mbuzi pachingwe chifukwa ndinawaopseza. Boma litaona mlongo wake atagwira khasu linayang'ana kumwamba kuti kapena madzi akubweranso.

Ndinatsitsa mtsuko n'kuuika pamphasa pakati pa dimba. Boma linagwada, kugogoda dothi ndi mpini, kuchotsa zibenthu chimodzichimodzi. Linatapa dzanja limodzi n'kuuzira phulusa. Nzeru yanga yonse inauluka ndi mpweya umodzi umenewo.

Linayamba kusankha pachikhatho ndi chala. "Ichi ndi cha a Mlaliki, mabowo ake ndimawadziwa. Ichi ndi cha kutsidya. Ichi ndi cha m'sitolo, wina wachisambitsa." Maso anapita pamanja anga. Kenako linapinda dzanja la bulauzi, kulowetsa mkono wonse mpaka pansi, n'kutulutsa. Mchenga unkatsika pakati pa zala, tonse tikuuonerera mpaka kutha.

"Cha amayi chili kuti?"

A Mlaliki anati tiyeni tipemphere. Boma linati apemphera pambuyo. Alamu anati iwo ankangolawa, pomwe panalibe amene wawafunsa.

Ndinati, "Tinadya, mayi. Pachulu. Ndinaswa ndine."

"Chonse?"

"Chonse."

"Pachulupo panalibe china chodya?"

Mbuzi inasankha nthawi yomweyo kulira. Boma linaiyang'ana, kuyang'ana mlongo wake. Alamu anaika khasu pansi mwaulemu, kumasula chingwe, n'kuona msana wa njira osatsanzika.

Ndinkadikira mkuntho. Ndinali nditasankha kale mbali yothawira. Koma Boma linangowerama, kulowetsa chala mumng'alu, chinalowa mpaka pachikhadabo. Linati, "Nthaka sidikira kuti munthu amalize kulira. Tiyeni." Tabzala chimanga cha anthu, njere zitatu paphando, ndipo chakwana theka la dimba. Ine ndinali pambuyo pake mzere wonse. Linkaponya njere, kukwirira ndi phazi, misozi ikugwera m'maenje momwemo, popanda mawu. Zaka zonsezi ndakalipiridwa mokwanira, koma lero ndikanakonda mpini wa khasu pamsana.

Pobwerera ndinayamba kuti, "Mayi, pachulu paja..." Linati mawu oti chulu lisawamvenso pakhomo pano.

Lachiwiri, 15 Epulo

Zii tsiku lonse. Chakudya ndachipeza pakhonde chovundikira, ngati cha mlonda. Mtsuko lautsuka n'kuuvundikira pansi kuseri kwa khitchini.

Lachitatu, 16 Epulo

Mkazi wa Msodzi wabwera m'mawa, mwana kumbuyo, osandipemphanso chilolezo. Ine ndinali kuseri kwa khoma ndikunamizira kukonza mpini. Wagwada pakhomo la khitchini n'kunena zonse: mkaka, kulira kwa mwana, phala la m'chitini. Wati ngati pali wolakwa ndi iye.

Boma lati adzuke, mawondo angamupweteke. Lapempha mwanayo, lamunyamula, lamuyeza m'manja. "Ndi wolemera," latero. "Chimanga cha amayi chimenechi." Onse awiri aseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno kotsatana ndi misozi.

Kenako lakweza mawu, kuti khoma limve bwino. "Ndikanakhalapo ine ndikanaswa tsiku lachitatu, osadikira mwana kutha mawu. Koma ndikanatapa dzanja limodzi n'kumanga kunsonga ya nsalu. Dzanja limodzi lokha. Amuna anayi ndi mitu yawo, wina mpaka wolalikira, palibe anaganiza za mawa. Ndipo mchenga sindikanathiramo. Sabata yathunthu ndakhala ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha mchenga."

Ndinatuluka kuseri kwa khoma, mpini uli m'manja. Ndati mawu aja munaletsa sinditchula, koma tiyeni. Lati lili ndi ntchito. Ndaligwira dzanja, zimene sindinachitepo pagulu chikwatiraneni, ndipo mwina chifukwa chodabwa, latsatira.

Titafika ndachotsa minga, ndakweza ukonde.

Linaima kaye. Kenako linagwada m'matope ndi nsalu yake yochapa, kukanda tsinde limodzi ndi chikhadabo, kuyang'ana kufiira kwake, kupita pa lina. Linawerenga kawiri milomo ikugwedera. Linayang'ana uku ndi uku kuyeza kutalika kwa madimba a anthu, n'kunena lokha kuti apa sichisakanikirana ndi cha wina. Kenako linaona mipata.

"Apa panayi?"

"Mbuzi ya alamu."

"Apa patatu?"

"Mbuzi inanso. Ya miyendo iwiri."

Linandiyang'ana nthawi yaitali kwambiri. Pakona pa mlomo panagwedera, koma linapagwira.

Malamulo atuluka pomwepo. Msasa umangidwe lero, pamwamba pa chulu. Mpanda wa bango, osati ukonde wobowoka. Zitini ziwiri za madzi m'mawa, ziwiri madzulo, kuchokera padziwe. Mbuzi, anyani, mbalame, alamu, a Mlaliki, aliyense asayandikire. Mlonda ndine, usana ndi usiku, mpaka zitsononkho ziume, miyezi iwiri ndi theka. Mphasa ndi bulangete zinditsatira.

Ndikulemba ndili mumsasamo, denga lake theka. Asanatsike ndinafunsa kuti nanga kudya. Mkazi wanga anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu, n'kunena kuti chakudya azibweretsa yekha, kawiri pa tsiku, chokwanira.

"Inu sindingakusiyeninso ndi njala pafupi ndi chimanga changa."